Ku Lifidzi mtengo wa mphika ndi chimanga cholowamo

Munthu wofuna kukafika ku Lifidzi kuchokera mbali ya Malawi amatulukira pa chipata cha Dedza, n'kulowa m'dziko la Mozambique pa Calomue, kenaka amatsata msewu wopita ku Ulongwe, likulu la boma la Angonia m'chigawo cha Tete. Akachoka pa Ulongwe n'kulunjika mbali ya ku Domwe, galimoto zimayamba kuchepa ndipo mumsewu mumachuluka njinga zakapalasa, njinga zamoto ndi ngolo zokokedwa ndi ng'ombe. Kumanja ndi kumanzere kuli minda yokhayokha, ya chimanga, nyemba, fodya ndi kachewere, ndipo chapatali phiri la Domwe, lotalika kupitirira mamita 2,000, limaoneka ngati likuperekeza mlendo.

Derali n'lokwera, motero m'miyezi ya June ndi July kumazizira koopsa. M'mawa nkhungu imagona m'madambo mpaka dzuwa litakwera, ndipo ana opita kusukulu amayenda manja ali m'khwapa. Iyi ndiyonso nthawi imene chimanga chimakhala chalowa m'nkhokwe, nyemba zapunthidwa, ndipo pakhomo paliponse pamaoneka kuti pali kanthu.

Eni dera ndi Angoni ndi Achewa, abale enieni a anthu a ku Dedza ndi ku Ntcheu. Malire amene Angelezi ndi Apwitikizi adagwirizana m'chaka cha 1891 adadutsa pakati pa midzi yawo, koma chiyankhulo, maukwati ndi maliro sizidamve za malirewo. Pa Lifidzi penipeni pali mishoni yakale ya Katolika imene adatsegula ansembe a Chijezwiti chaka cha 1910 chisanakwane. Boma la Apwitikizi lidawachotsa ansembewo, ndipo adadzabwereranso mu 1941. Alendo ambiri akafika amathamangira kukaona tchalitchi, kujambula zithunzi, basi ulendo. Koma mlendo wosafulumira, wolola kukhala pakhonde la wina tsiku lathunthu, amaona chinthu china chakale kuposa mishoniyo, ndicho malonda osinthana katundu popanda ndalama.

Dzuwa likangoumitsa mame, m'mudzi mumalowa mayi atasenza miphika ndi mitsuko m'dengu, ataitchinjiriza ndi udzu kuti isagundane. Sakuwa ngati wogulitsa pamsika. Amangoima pabwalo n'kuodira, ndipo mwini khomo amamulandira katundu, kumuyalira mphasa, n'kuyamba ndi malonje: kumene wachokera, mmene adzukira ana, mmene idagwera mvula kwawoko. Za miphika zimabwera pambuyo.

Mtengo wa mphika sachita kutchula chifukwa aliyense amaudziwa kuyambira kale. Mphika umagulidwa ndi chimanga chotong'ola chimene chingadzaze mphikawo. Kamphika ka ndiwo kamadya chimanga chochepa, mtsuko wotungira madzi umadya chambiri. Chinthu chogulitsidwacho ndicho chimakhalanso muyeso wa mtengo wake.

Asanathire chimanga, mwini khomo amanyamula mphika n'kuugogoda ndi chala pafupi ndi khutu. Wopsa bwino umalira mokweza ngati kabelu, koma wa mng'alu wobisika umalira mogonthera. Woumba naye amapisa dzanja m'lichero, kutapa chimanga cha pansi, kuyang'ana ngati anankafumbwe sadaboole, n'kuluma njere imodzi kuti amve ngati chauma. Palibe amene amakwiya nazo, popeza kuyesa katundu si kutukwana mwini wake. Kawirikawiri mawu ake amakhala otere:

"Uwu musatenge, amayi, udapsa mbali imodzi, sukhalitsa. Tengani uwu."

"Zikomo, achemwali. Nane chimangachi n'cha chaka chino, chakale chija ndasiyira nkhuku."

Mphika ukadzaza, mwini chimanga amatapanso kadzanja kamodzi kapena tiwiri n'kuthira pamwamba. Amati basela, ena amati banyira. Woumba naye, mtima ukakondwa, amatulutsa kambale kadothi n'kupatsa mwana wa pakhomopo.

Malamulo a msinthano wotere sadalembedwe paliponse, koma mwana amakula akuwadziwa. Chimene ukupereka chilingane ndi chimene ukulandira. Ngati chili ndi chilema, chitchule wekha mnzako asanachione. Ndipo ngati muyeso upendekeka, upendekere kwa mnzako. Akuluakulu amamanga zonsezi m'mwambi umodzi, wakuti kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana.

Si miphika yokha imene imayenda chotere. Anyamata a njinga amabwera ndi usipa wouma ndi mchere, n'kubwerera ndi chimanga kapena nyemba. Wosema mipini, woluka malichero ndi wosula makasu amalandira malipiro awo m'chitini. Nkhuku imasinthidwa ndi mbewu, mbuzi ndi matumba a chimanga. Ndipo njala ikalowa m'nyumba, munthu amanyamula chimene ali nacho, kapena mphamvu zake zokha, n'kupita kukasuma kwa amene nkhokwe yake idakali ndi kanthu.

Pamene ndalama idalephera

Wina angafunse kuti, kodi m'dziko la ndalama lino anthuwa akuvutikiranji ndi malichero? Yankho lake lili m'zimene derali lidadutsamo. M'nthawi ya atsamunda mlimi ankagulitsa zokolola zake m'makantina, masitolo a kumidzi a Apwitikizi ndi Amwenye, ndipo momwemo ankagulamo nsalu, mchere, sopo ndi makasu. Dziko litalandira ufulu pa 25 June 1975, eni makantina ambiri adachoka, ndipo masitolo a boma amene adalowa m'malo mwawo sadathe kufikitsa katundu kulikonse.

Mu June 1980 boma lidatulutsa ndalama yatsopano, metikali, m'malo mwa eskudo. Ndalamayo idali yokongola, koma m'masitolo mudalibe choti n'kugula. Mlimi ankatha kukhala ndi mapepala odzaza thumba, kunyumba kulibe ngakhale mchere wothira m'ndiwo. Ambiri adaleka kugulitsa chimanga ndi ndalama, ena ankachiwolotsera ku Malawi kumene masitolo adali ndi katundu. Pofuna kupeza mbewu, kampani ya boma yogula zokolola ya Agricom idayamba kupereka nsalu, mchere, sopo ndi katundu wina posinthana ndi chimanga. Boma lenilenilo lidabwerera ku malonda a makolo.

Kenaka nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo idafika m'mapiri a Angonia. Pa 30 October 1985 ansembe awiri a Chijezwiti, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Alves Moreira, adaphedwa ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi. M'zaka zimenezo midzi yambiri idatsala mabwinja, eni ake atathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, m'Malawi mudali othawa nkhondo a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni.

Kumeneko othawa nkhondo ankalandira ufa, nyemba ndi mafuta ophikira, koma munthu sangadye ufa wosaphika. Pankafunika nkhuni, masamba, nsomba, sopo ndi chovala. Motero gawo lina la chakudya cholandiracho linkasinthidwa ndi zinthu zimenezi kwa eni mudzi. Munthu wopanda munda, wopanda ndalama, chuma chake chidali kukhulupirika kwake. Amene ankadziwika kuti sasakaniza ufa ndi gaga ndiye ankapeza wosinthana naye. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthu adabwerera kukapeza minda itasanduka tchire, ndipo nkhuku yoyamba, mbewu yoyamba ndi mphika woyamba, mabanja ambiri adazipeza mwa kubwereka ndi kusinthana.

Ngakhale mtendere udabwera, ndalama sidaleke kusinthasintha. M'misika ya m'malire metikali ndi kwacha zimayendera limodzi, ndipo iliyonse ili ndi matenda ake. Mu July 2006 Mozambique idasintha ndalama yake, mametikali 1,000 akale n'kukhala metikali imodzi yatsopano. Mu November 2023 Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo amene adasunga makwacha pansi pa mphasa adadzuka chuma chawo chitaphwa. Koma ndowa ya chimanga ya dzulo imakhala ndowa ya chimanga lero. N'chifukwa chake agogo ambiri amakhulupirira lichero kuposa pepala.

Bokosi lobisika la kutali

Msinthano wa mphika uja uli ndi mlonda wake, ndiye maso. Onse awiri akhala pamphasa imodzi, akuonana, ndipo mawa adzakumana pamaliro kapena kutchalitchi. Funso lovuta ndi ili: nanga munthu amachita bwanji pamene palibe womuona, ndipo amene adzalandire chosiyidwacho sadzamudziwa n'komwe? Kutali ndi Lifidzi kuli masewero ena amene amayesa anthu pa funso lomweli tsiku ndi tsiku. Dzina lake ndi geocaching.

Maseweroŵa amadalira GPS, njira ija imene imauza munthu malo enieni amene waima pogwiritsa ntchito masetilaiti, yomwe lero ili m'mafoni ambiri. Kale boma la America linkasokoneza dala mauthenga a GPS ya anthu wamba, kotero kuti inkatha kuphonya ndi mamita 100. Pa 2 May 2000 lidaleka kutero. Tsiku lotsatira, pa 3 May, bambo wina dzina lake Dave Ulmer adabisa ndowa yakuda m'tchire pafupi ndi Beavercreek m'chigawo cha Oregon, n'kulengeza pa intaneti manambala a malowo kuti ofuna akaisake. M'ndowamo adaikamo mabuku, mavidiyo, ndalama, legeni ndi chitini cha nyemba, pamodzi ndi kabuku kolembamo maina. Lamulo lake lidali lalifupi: wopeza atengepo kanthu, asiyepo kanthu, alembe dzina.

Lero mabokosi otere alipo opitirira 3 miliyoni m'maiko ambiri a dziko lapansi, obisika m'mphako za mitengo, pansi pa miyala ndi m'mbali mwa milatho. Osewera amayenda ndi foni m'manja, makamaka makolo ndi ana awo, kufunafuna bokosi. Akalipeza amalemba dzina, amasinthanitsa kanthu, n'kulibwezera pamalo pomwepo. M'kupita kwa nthawi adaona kuti lamulo la Ulmer lidali ndi mpata, popeza mawu akuti kanthu akhoza kutanthauza chilichonse. Ndiye adaonjezera lina, lakuti chimene ukusiya chikhale chofanana mtengo ndi chimene watenga, kapena choposa. Mayi woumba miphika wa ku Lifidzi sangadabwe nalo lamulo limeneli. Ndi basela yemwe uja.

Chodandaulitsa osewera akale n'chakuti mabokosi ambiri amayamba bwino koma amatha moipa. Wobisa amaikamo zinthu zabwino, monga katochi, kagalimoto koseweretsa ana, mapensulo atsopano. Woyamba kufika amatenga katochi n'kusiya cholembera. Wachiwiri amatenga kagalimoto n'kusiya chidole chothyoka mwendo. Wachitatu amatenga cholembera chija n'kusiya chitsekerero cha botolo. Palibe amene waba, aliyense wasiyapo kanthu, ndipo aliyense amadziuza mumtima kuti wangopendeketsa pang'ono. Koma pakapita miyezi ingapo, mwana amene wayenda mtunda wautali ndi bambo wake amatsekula bokosi n'kupeza zinyalala ndi mapepala onyowa. Mwana ameneyo ndiye amalipira ngongole ya onse amene adadutsapo.

Pofuna kuteteza mabokosi, osewera amalangizana zingapo. Chakudya sichiikidwamo chifukwa chimaola ndipo chimaitana nyama, motero chitini cha nyemba cha Ulmer lero sichikadaloledwa. Zinthu zothyoka, zakuthwa ndi zosayenera ana siziikidwamo. Tinthu tina tokhala ndi nambala, totchedwa Travel Bug, si tosunga kunyumba, koma tongosamutsa kuchoka m'bokosi lina kupita m'linzake. Ndipo amene wafika chimanjamanja amangolemba dzina lake n'kupita, osatenga kanthu. Kusatenga si manyazi. Manyazi ndi kutenga chabwino n'kusiya choipa.

Thumba losoka pakamwa

Mlimi wa ku Lifidzi atamva za anthu oyenda m'tchire kusaka zidole akhoza kuseka mpaka kugwira nthiti. Iye akalowa m'tchire ndiye kuti akufuna nkhuni kapena ng'ombe yasochera. Koma naye ali ndi mabokosi ake otseka, amene wolandira sangaone za m'kati mpaka mwini wake atapita. Ndipo m'mabokosi akewo simuli zoseweretsa, muli chakudya cha banja.

Loyamba ndi thumba la kachewere. Angonia ndi dera lotchuka ndi kachewere, ndipo matumba ake amapita ku mzinda wa Tete, ena amawoloka kukafika m'misika ya m'mbali mwa msewu monga Lizulu. Chinyengo chake chimadziwika ndi aliyense. Pansi ndi pakamwa pa thumba amaika zikuluzikulu zosalala, pakati n'kubisa ting'onoting'ono, zotemeka ndi khasu ndi zoyamba kuola. Wogula akapusitsidwa kamodzi, ulendo wotsatira amakhuthula thumba lililonse pansi, kapena amangotsitsa mtengo wa matumba onse poopa zobisika. Motero mlimi wachilungamo, amene adasankha bwino kachewere wake, amalandira mtengo wa wachinyengo. Zoterezi zimachitikanso ndi nyemba zothira mchenga ndi chimanga chosauma bwino, chimene chimalemera pa sikelo koma chimachita nkhungu chikafika kwa wogula.

Koma mlandu suli mbali imodzi. Ogula nawo ali ndi nzeru zawo. Muyeso wodziwika wa chimanga m'derali ndi ndowa ya malita 20, koma ndowa zina zidakhomedwa pansi kuti zitukuke ndi kulowa zambiri, ndipo masikelo ena amadya makilogalamu mwakachetechete. Nthawi yokolola kumabwera anthu atamanga mabeseni apulasitiki, mbale, makapu ndi kaunjika panjinga, akufuna chimanga. Katunduyo amawala padzuwa ndipo ana amamuzungulira. Beseni lina limakhala lolimba ndithu, koma lina n'lopyapyala ngati tsamba, likakhala padzuwa milungu ingapo limang'ambika.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Chimanga chimakhala chotsika mtengo kwambiri mu May ndi June, chimakwera mu January ndi February pamene nkhokwe zapepuka. Mayi amene wapereka ndowa ya chimanga chabwino posinthana ndi beseni losalimba amaluza kawiri. Pofika nthawi ya mvula beseni lija lili kudzala, ndipo chimanga chomwe chija akuchigula pa mtengo wokwera, mwina ndi ganyu wa m'munda mwa wina pamene wakewake ukumera udzu. Wanjinga uja sadamube, popeza adasiyapo kanthu. Adangosiya chochepera chimene adatenga, monga wosewera uja wa chitsekerero cha botolo.

Bokosi lotseka kuposa onse ndi mbewu. Mphika amaugogoda, thumba amalikhuthula, koma mbewu imaulula za m'kati mwake patapita miyezi, nthawi yobwezera itatha kale. Alimi ambiri a kachewere sagula mbewu kusitolo. Amasunga yawo kapena amasinthana ndi anansi. Chizolowezi chofala n'chakuti zikuluzikulu zimapita kumsika, ting'onoting'ono n'kutsala ngati mbewu. Vuto lake ndi lakuti kachewere amagwidwa ndi matenda ofalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba, ndipo phando lodwala ndilo kawirikawiri limabereka ting'onoting'ono. Wosunga ting'onoting'ono tokhatokha amakhala akusankha ana a mbewu zodwala osadziwa. Chaka ndi chaka zokolola zimanka zichepa, ndipo mlimi amadandaula kuti nthaka yatopa, chikhalirecho yatopa ndi mbewu. Munda wake wayenda njira ya bokosi lija, chabwino chikutuluka, chotsalira chikubwerera.

Palinso matenda ena oopsa, ofotetsa kachewere ali wobiriwira ngati wathiridwa madzi otentha. Kachirombo kake kamabisala m'kati mwa mbatata, ndipo kumalo ozizira monga kumapiri mbatatayo imatha kuoneka yabwinobwino kunja. Yodwala kwambiri akaidula pakati imaonetsa mzere wofiirira wozungulira, ndipo akaifinya pamatuluka timadzi toyera. Matendawa akalowa m'munda amakhala m'dothi kwa zaka, ndipo amagwiranso tomato ndi fodya. Choncho munthu amene munda wake udafota, n'kupatsa mnzake mbewu ya m'munda womwewo osanena kanthu, sadamupatse mbewu yoipa yokha. Wamuonongera ndi dothi lomwe, la iye ndi la ana ake.

Alangizi a zaulimi ali ndi njira yosafuna ndalama, imene bungwe la International Potato Center la ku Lima m'dziko la Peru lakhala likuphunzitsa m'maiko a mu Africa. Mlimi amayendera munda wake masamba adakali obiriwira, n'kuzika kamtengo pa phando lililonse looneka lathanzi. Pokumba amayamba ndi mapando a timitengowo, n'kusunga mbatata zake padera kuti zikhale mbewu. Mwachidule, chabwino koposa ndicho chimatsala kuti chibwerere m'munda. Agogo ankachita zomwezo ndi chimanga cha makolo. Ankasankha zisononkho za njere zodzaza bwino n'kuzipachika kudenga la khitchini kuti utsi uziteteze, ndipo mnansi akabwera kudzapempha mbewu ankamutsitsira za kudengako, osati zotolera pansi pa nkhokwe.

Masiku ano mbewu ya chimanga ili ndi misampha yake. Chimanga cha haibulidi chikabzalidwa kachiwiri sichibereka monga poyamba, choncho wopatsa mnzake njere za m'munda wa haibulidi ayenera kumuuza zoona. Ndipo m'misika ina mumapezeka chimanga wamba chopakidwa utoto kuti chioneke ngati mbewu ya kusitolo. Wogula amazindikira mu March, ataononga kale feteleza ndi thukuta la chaka chonse.

Chilango chopanda ndende

Kodi wachinyengo amalangidwa bwanji? Nkhani ikakula imapita kwa anduna kapena kwa amfumu, ndipo wolakwa amauzidwa kubweza kapena kulipira nkhuku. Koma milandu yambiri ya msinthano sifika pabwalo. Imaweruzidwa kuchitsime, kumtondo ndi kuchigayo. Pakangomveka kuti miphika ya uje imasweka pamoto woyamba, kapena kuti nyemba za pakhomo pakuti zimalira mchenga m'mano, basi. Palibe amamutukwana. Akabwera amamuyalira mphasa monga kale, amamulonjera bwinobwino, kenaka amamuuza kuti, "Pepani amayi, chimanga chatithera." Ndipo mu February, akadzanyamula dengu kukasuma, makomo amene akadamutsekulira amakhala otseka.

Ana amaphunzira zimenezi asanayambe sukulu. Mayi akatuma mwana kukabweza mbale imene mnansi adabweretsera ndiwo, saibweza yopanda kanthu. Amaikamo tomato awiri, mtedza pang'ono kapena ufa, n'kuvundikira. Khasu lobwereka limabwezedwa lopalidwa dothi, ndipo ngati mpini wathyoka, wobwereka amaikira wina asanalibweze. Mwana akafunsa chifukwa chake, yankho limakhala lalifupi, kupatsa n'kuika. Chimene waika kwa mnzako udzachipeza tsiku la mavuto.

Chimene chikusintha ndi chakuti anthu osadziwika akuchuluka. Njinga yamoto imatha kubweretsa wogula kuchokera kutali m'mawa, madzulo n'kukhala atapita, osadzaonekanso. Ndalama zimayenda pa foni, pa M-Pesa ndi e-Mola mbali ya Mozambique, pa Airtel Money ndi Mpamba mbali ya Malawi, ndipo anthu amatha kuchita malonda osakhalirana pamphasa. Izi zathandiza zambiri, koma zachepetsa mphamvu ya maso a mudzi. Mlimi amadziwa kuti amene adzadye kachewere wakeyo ali ku Tete kapena ku Blantyre ndipo sadzamudziwa dzina. Wogula naye amadziwa kuti mudzi uno sadzaupondanso. Onse awiri aima pamene amaima wosewera uja m'tchire, bokosi lili pamaondo, kumbuyo kulibe munthu.

Osewera a geocaching alibe mfumu kapena chitsime choweruzirapo milandu, komabe masewero awo akhala zaka zoposa 20. Chawasunga ndi anthu amene amayenda ndi kathumba ka zinthu zabwino, akapeza bokosi losauka amachotsamo zinyalala, kulipukuta, n'kusiyamo zoposa zimene atenga, chifukwa cha mwana amene sadzamuona. Ku Lifidzi nakonso anthu otere alipo, ndipo amadziwika. Ndi mlimi amene thumba lake ogula salikhuthula, ndi mayi amene mbewu yake anthu amailondola kuchokera midzi itatu. Amenewa ndiwo amakweza dzina la kachewere wa ku Angonia, ndipo achinyengo amadyera pa dzina lomwelo.

Dzuwa likamapendeka, chisanu chimatsika msanga kuchokera kumapiri. Ngolo zimabwerera kumudzi, ng'ombe zimalowa m'khola, ndipo utsi umayamba kutuluka m'madenga. Mayi woumba uja amakhala ali panjira ya kwawo, dengu limene lidabwera ndi miphika litadzaza chimanga. Kumbuyo kwake, mwini khomo amatereka mphika watsopano pamafuwa, kuthiramo madzi ndi gaga kuti uzolowere moto, n'kukhala pambali akumvetsera. Ukapanda kung'aluka usiku umenewo, chaka chamawa woumbayo akadzaodira pabwalo lomwelo adzapeza mphasa yoyala kale, ndi chimanga chopeta bwino chikumudikira.